Sedula ya Mwana wa Malume

Kabukuko kanali kakang'ono, kosadzaza chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo kankanunkha mlamba wowamba. M'makona munali mopindika, pachikuto panali banga la mafuta, ndipo chidindo cha m'kati chinali chitayamba kufufutika. Sedula. Ndi mmene timatchulira pepala la kubadwa kwathu kuno. Malume anaitulutsa m'thumba la malaya, anaipukuta pantchafu, n'kuiika pamphasa pakati pa iwo ndi amayi. Kwa kanthawi palibe anaikhudza. Nkhuku inabwera kudzaisuzumira, amayi n'kuiingitsa ndi phazi.

Dzina lomwe linalembedwa mmenemo sindilemba pano. Musandifunse. Inu amene mukuwerenga izi sindikukudziwani, ndipo pepala lili ndi miyendo: limachoka m'manja mwa amene unamupatsa n'kukafika kwa amene sunamuganizire. Mdzukulu wanga akuti, "Agogo, lembani zonse, lero palibe angakumangeni." Iyeyo wabadwa dzana. Ndilemba zomwe ndafuna, zina zitsale.

Tinabwerera kuchoka ku Malawi mtendere utangoyamba kumene, ine ndi amayi, pa lole yodzaza anthu, mitondo ndi mbuzi. Bambo anatsala konko. Anati atitsatira akakolola, ndipo ndiyesa mpaka lero akukololabe. Tinadutsa pa Entre Lagos dzuwa lili paliwombo, njanji itamera udzu, ndipo mudzi wathu tinauzindikira ndi mitengo ya mango yokha. Nyumba zonse zinali milu ya dothi. Lamulo loyamba lomwe amayi anandipatsa linali la mapazi, poopa mabomba okwirira: ponda pomwe paponda mnzako, usapatuke ngakhale utaona bowa. Lachiwiri linali la pakamwa: munthu akakufunsa, yankha theka. Malamulo awiriwa ndakula nawo, ndipo sindinganene kuti anandinamiza.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma wamfupi ngati chitsa. Nandolo wa m'kampu ya othawa nkhondo sakuza munthu. Ku Malawi ndinali nditafika sitandade 3, ndipo ndinkawerenga chilichonse chomwe maso anga agwerapo: zolemba za pamatumba a ufa, za pazitini za mafuta, za pakhomo la chipatala. Sukulu ndinkaifuna ngati madzi. Osati chifukwa chokonda nzeru ayi. Ndinkaona atsikana a msinkhu wanga omwe sankapita kusukulu: chaka choyamba kumunda, chachiwiri kuchinamwali, chachitatu mwana kumbuyo. Ndinkawerenga zaka zanga pa zala n'kuona kuti zanditsalira zochepa.

Mvula ili pakati, mbiri inamveka yoti sukulu yakale ija akuitsegulanso, ndipo kukhala matirikula, kulembetsa ana a chaka chatsopano. Sukuluyo inali makoma awiri ndi theka, opanda denga, obookabooka ndi zipolopolo. Tinalawira nkhuku zisanatuluke, koma tinapeza mzere utazungulira kale mtengo wa mango kawiri. Ana obwerera tinali ngati ngumbi. Aphunzitsi anali amodzi okha, bambo oonda ochokera cha ku Cuamba, amene Chinyanja chawo chinkayenda motsimphina. Tebulo lawo linali chitseko chogoneka pa njerwa.

Amayi anali atasunga pepala langa la kusukulu ya ku Malawi m'kathumba ka pulasitiki, pachifuwa, ulendo wonse. Anagwada, n'kulipereka ndi manja awiri. Aphunzitsi analiyang'ana, analitembenuza, n'kulibweza.

"Ili n'la eni ake. Kuno sedula."

Anati malo ndi ochepa. Ayamba ndi ang'onoang'ono okhala ndi sedula. Akuluakulu opanda pepala adikire chaka chamawa, kapena chinacho. Sedula yanga inapsera m'nyumba tsiku lomwe tinathawa. Amayi anafotokoza zimenezo, aphunzitsi n'kuloza mzere wonse ndi cholembera, kutanthauza kuti aliyense pano nyumba yake inapsa. Sindiwada. Ndakhala ndikufuna kuwada, koma sindipeza pogwira.

Malume, mlongo wawo wa amayi, ankakhala chikamwini kwa akazi awo m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, ulendo wa ola limodzi ndi kanthu kuchoka kwathu. Ntchito yawo inali kunyamula nsomba panjinga kupita nazo kumisika. Iwo sanathawire ku Malawi. Nkhondo yonse anaibisalira ku vila, katauni ka boma, ndipo komweko n'komwe mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana, anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ine sindinamudziwe. Imfa yake sinalembedwe paliponse. Masiku amenewo ndani ankalemba imfa? Papepala anali wamoyo, wazaka zisanu ndi zitatu, woyenera kuyamba pirimera, kalasi yoyamba.

Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndiye mbumba yako, wobereka wekha ndi wa kuchikazi. Malume anaganiza ngati mwini mbumba. Anadikira akazi awo apite kudooko, anatsegula kachitini komwe ankasungiramo zinthu zawo, n'kukwera njinga. Ndi mmene kabuku kaja kanafikira pamphasa yathu.

"Alamu mwawauza?" amayi anafunsa.

"Ndiwauza."

"Liti?"

"Achemwali, mukufuna mwanayu aphunzire kapena mukufuna milandu?"

Amayi anayang'ana ine, anayang'ana kabukuko, kenako anakatola ndi nsonga za zala ngati akutola khala la moto.

Masiku atatu anandiphunzitsa tikupalira chimanga. Dzina lako ndani? Bambo ako ndani? Mayi ako? Zaka zingati? Ndikalakwa, chibuma kumsana. Bambo anga tsopano anali malume. Mayi anga anali akazi a malume, mayi wachiyao wamtali, wosalankhulalankhula, amene ndinali nditangowaona kawiri. Amayi ondibereka anasanduka azakhali. Anandimeta mpala kuti aphunzitsi asakumbukire nkhope ya pamzere paja, ndipo lumo lili pamutu anawonjezera lamulo lachitatu.

"Usadziwe msanga. Mwana wa pirimera sadziwa kuwerenga. Ukaona chilembo uzichiyang'ana ngati mbuzi yoona njinga."

Malume ananditengera kusukulu pakaliyala, mamba a nsomba akundimatirira m'miyendo. Aphunzitsi anawerenga sedula, anandiyang'ana kuchokera kumpala mpaka kumapazi, n'kundiuza kuti ndidutsitse dzanja pamwamba pa mutu ndigwire khutu la mbali inayo. Ndinaligwira mochita kudzivutitsa dala.

"Wakula msanga," anatero.

"Nsomba, aphunzitsi," malume anayankha. "Kwathu timadya nsomba."

Anaika milamba iwiri kumapeto kwa chitseko chija. Aphunzitsi sanaiyang'ane, komanso sanaibweze. Analemba dzina.

Tsiku loyamba aliyense anabwera ndi chokhalira chake: wina chitini, wina njerwa, wina chitsa. Ine ndinasenza chitini cha mafuta cha m'kampu. Pansi panali chinyezi, nyerere zikukwera m'miyendo, ndipo mango owola ankanunkha ngati mowa. Bolodi linali khoma lopakidwa makala. Tisanayambe chilichonse panali shamada, kuitana mayina, ndipo woitanidwa ankaimirira n'kunena kuti "perezenti". Obwerera ena ankaiwala n'kuyankha mwa ku Malawi, aphunzitsi n'kuwafunsa ngati akufuna awaperekeze kumalire. Ine ndinali kalikiliki kuseka anzangawo. Ndinamva dzina lina likuitanidwa, kachiwiri, kachitatu, ndipo ndinkacheukacheuka pamodzi ndi onse kufunafuna chitsiru chosadziwa dzina lake.

Aphunzitsi anabwera n'kundikweza ndi khutu.

"Iwe, dzina walisiya kunyumba?"

Ana anaseka mpaka ena kugwa pazitini. Ine sindinamve kuwawa kwa khutu. Ndinangodziwa kuti ndikabwerezanso kawiri, munthuyu ayamba kuganiza.

Kuyambira tsiku limenelo sindinakhalenso pansi ndi matako onse. Ndinkadzuka ndi dzinalo pakamwa, kulitafuna njira yonse. Kusukulu ndinkatchera khutu limodzi kwa aphunzitsi, lina kunjira, kuopa kuti wina wa m'kampu angadutse n'kundiitana dzina langa lenileni. Ana awiri a m'mudzi mwathu ankalidziwa. Amayi anakalankhula ndi amayi awo, ndipo ine ndinkawagawira chinangwa changa tsiku ndi tsiku osawakonda n'komwe. Aphunzitsi akalemba "a" pakhoma, dzanja langa linkayabwa. Ndinkalemba chokhota dala. Chipwitikizi chokha ndicho chinkandivuta moona, ndipo ndinkachiyamikira chifukwa pamenepo pokha ndi pomwe sindinkanama.

Sabata yachiwiri akazi a malume anabwera kwathu. Anafika masana, mpango woyera kumutu, opanda katundu. Amayi anawayalira mphasa, anawapatsa madzi. Anamwa pang'ono n'kuika chikho pansi. Sanafunse za kachitini kawo. Sanatchule sedula. Anangondiyang'ana ine nditaima kuseri kwa nkhokwe, n'kunena mwa Chinyanja chawo cholemera:

"Ndabwera kudzaona mwana wanga amene akuti akuphunzira."

Mlendoyo anakhala kanthawi, anatsanzika bwinobwino, n'kumapita. Atazimiririka m'chimanga, amayi anandigwira paphewa mwamphamvu.

"Mkazi uja atiwononga. Munthu wokwiya amakalipa. Uyu sanakalipe."

Mawu amenewo ndinawameza athunthu. Ndi nzeru yabwino, ndipo yandithandiza kambiri m'moyo: opa munthu amene wamulakwira koma akukupatsa moni. Koma nzeru ili ngati mpeni, siisankha chodula.

M'mawa mwake ndinawaona akazi a malume aja kusukulu. Kuseri kwa khoma logumuka kunali njira yopita kumsika, ndipo anaima pamenepo, beseni la makumba aawisi pamutu. Sanalowe. Sanandikodole. Shamada inayamba, mayina akuyenda mmodzimmodzi, ndipo langa litafika ndinaimirira. "Perezenti." Nditakhala pansi ndinasuzumira. Anali atatembenuka kale, akupita.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Mvula ikagwa ankaima pomwepo, madzi akutsika m'mphepete mwa beseni n'kulowa m'khosi. Aphunzitsi akachedwa, ankadikira. Tsiku lina aphunzitsi anafika dzuwa litakwera chifukwa mtsinje unadzaza, ndipo mayiyo anaima nthawi yonseyo, ntchentche zikuzungulira beseni. Aliyense wa kunyanja amadziwa kuti makumba aawisi sadikira munthu. Ogula abwino amatha m'mamawa, ndipo nsomba ikafewa mimba umangoitaya kwa aliyense. Ine ndinkadziwa zimenezo, ndipo n'zomwe zinkandiopsa kwambiri. Munthu wolola nsomba zake kuwonongeka chifukwa cha iwe, ndinkatero mumtima, ndiye kuti wakukonzera chachikulu. Ndinkaganiza kuti akusonkhanitsa umboni. Ndinkaganiza kuti akudikira tsiku lomwe akuluakulu a maphunziro abwere kuchoka ku vila, kuti adzandiloze pamaso pa onse.

Ndinawauza amayi. Anati ndisawayang'ane. Ndinawauza malume atabwera ndi njinga yawo. Anakanda m'mutu, anati nkhani ya akazi ndi yovuta, n'kuyamba kupopa tayala lomwe linali lokhuta kale.

Ndinaonda. Usana ndinkalumpha ndikamva tsamba likugwa. Ndinayesa kusintha malo, kukakhala kuseri kwa mtengo kuti asandione, koma mawu sabisala kuseri kwa mtengo. Ndinayesa kuyankha chapansipansi, aphunzitsi n'kundibwerezetsa mokweza katatu kuti ndiphunzire kutsegula pakamwa. Tsiku limenelo mayi aja anachedwa kuchoka. Anaima ndithu, dzanja limodzi litagwira khoma.

Mwezi utatha, aphunzitsi anamaliza kukopera mayina onse m'buku lalikulu lomwe linabwera kuchoka ku vila. Anatiuza kuti ana tachuluka, mayina akudya nthawi, ndipo kuyambira lero aliyense ali ndi nambala yake. Shamada ikhala ya manambala. Anandipatsa yanga, ndipo ndinailandira ngati munthu wopatsidwa bulangete m'mwezi wozizira. Nambala ilibe mayi. Nambala sinamwalirepo ndi chikuku.

Tsiku loyamba la manambala mayi aja anaima mpaka shamada yonse inatha. Anadikirabe. Tinayamba kuimba zilembo, iwo ali pomwepo, mutu utapendekeka ngati munthu amene akumvera bingu lakutali. Kenako anapita. Tsiku lachiwiri anaima pafupi, pomwe khoma linathera, poonekera. Ana anayamba kunong'onezana. Tsiku lachitatu, nthawi yopuma, ndinaona akutula beseni pansi, akukonza mpango, n'kuyamba kuyenda molunjika ku chitseko cha aphunzitsi.

Ndikulemba izi dzanja likufuna kuthawira kwina. Ndingathe kunena kuti ndinali mwana. N'zoona. Koma ndinkadziwa chomwe ndikuchita, ndipo ndinachiganiza mwachangu ngati mmene ndimaganizira lero. Ndinaona kuti mawu a munthu wamisala palibe amawalemba m'buku.

"Amisala awo!" ndinakuwa. "Amisala! Amaima apo tsiku lililonse kusankha mwana woti akamuponye m'nyanja!"

Ana safuna zambiri. Mmodzi anabwereza, wina anawomba m'manja, ndipo posakhalitsa inali nyimbo. Aphunzitsi anaimirira n'kutiopseza ndi kamtengo, phokoso linatsika pang'ono. Mayi aja anali atafika patsogolo pawo. Anagwada monga mwa ulemu. Ine ndinali pafupi, ndinamva mawu onse.

"Aphunzitsi, ndimati ndingofunsa. Masiku ano mayina simukuitana bwanji?"

Basi. Sananene china. Koma m'makutu mwanga zinamveka ngati poyambira mlandu: aitane dzinalo, ine ndiimirire, iwo andiloze. Aphunzitsi anakwinya nkhope. Anaona kuti mayiyo akuyang'ana ine, ndipo anandikodola.

"Iwe wayambitsa phokoso. Ukuwadziwa mayiwa?"

M'buku lomwe linali pachitsekopo munalembedwa kuti amenewa ndi mayi anga. Ndikadangonena kuti ndi amayi, nkhani ikadathera pomwepo, ndipo ndikhulupirira kuti sakadakana. Zimenezo ndaziona nditakula. Tsiku limenelo ndinayang'ana pansi n'kunena kuti:

"Sindiwadziwa. Ndi amisala a kunyanja."

Aphunzitsi anawauza mwa Chinyanja chawo chotsimphina kuti pano ndi pasukulu, si pamsika, azipita. Mayi aja anadzuka. Sanandikalipire. Anandiyang'ana pang'ono chabe, mmene umayang'anira mphika womwe waupeza utang'aluka, n'kubwerera ku beseni lawo. Akulisenza, chibuma choyamba chinawapeza pamsana. Sindinaponye ine. Ndimanena zimenezi kawirikawiri mumtima, kuti sindinaponye ine, ngati kuti zikusintha kanthu. Nthangala ya mango inagunda beseni, linapendekeka, makumba n'kukhuthukira m'matope.

Sanathawe. Anagwada, n'kuyamba kutola imodziimodzi, kuipukuta pansalu, kuibwezera m'beseni. Nyimbo inazirala yokha, chifukwa n'kovuta kuimbira munthu amene sakuthamanga. Atatola yomaliza anasenza n'kumapita, msana uli chilili. Kuseri kwa khoma kuja sanadzaimenso.

Ndinathamangira kunyumba ndikuyembekeza kuyamikiridwa. Ndinawapeza amayi akusenda chinangwa, ndipo ndinafotokoza zonse mwadongosolo, mpaka za nyimbo. Mpeni unaima.

"Aphunzitsi sanafunsenso china?"

"Ayi."

"Ndiye wapulumuka."

Anatero, n'kudzuka, kusiya chinangwa pamphasa, kupita kuseri kwa nyumba. Anakhalako nthawi yaitali. Nditawatsatira ndinawapeza ataima chabe, akuyang'ana munda. Anandiuza kuti ndikatunge madzi, ngakhale mtsuko unali wodzaza.

Sabata isanathe malume anafika ndi njinga yopanda nsomba. Pakaliyala panali mphasa, khasu ndi kathumba ka zovala. Akuchikazi anali atakhala pansi n'kuwauza kuti mkamwini wotsegula chitini cha mwana wawo, n'kulola kuti mwana wawo agendedwe ndi ana, abwerere kwawo. Malume anamanga kanyumba pafupi ndi ife. Sanandinenepo kanthu, zabwino kapena zoipa, mpaka imfa yawo. Ankangoti ndikadutsa ndi kope langa, "Phunzira, iwe. Phunzira kwambiri." Mawuwo ankalemera kuposa kutukwana.

Ndinaphunzira. Pang'onopang'ono ndinasiya kukhotetsa zilembo, ndipo aphunzitsi ankandiloza kwa ena kuti onani mwana wa nsomba. Malo anga palibe anandilanda. Dzina lija linapita nane kalasi ndi kalasi, linalowa pachitupa changa, linalowa pamasedula a ana anga pamalo polemba mayi. Langa lenileni linatsala pakamwa pa amayi, ndipo iwo atapita linapita nawo. Tsiku lomwe ndidzafe, a boma adzalemba imfa ya mwana wa malume, mochedwa ndi zaka zonsezi. Ine sadzandilemba, chifukwa kwa iwo sindinabadwe. Zimenezi sizindidetsa nkhawa. Kusalembedwa kuli ndi ubwino wake.

Koma nyengo ija sinathere pakhoma paja. Mvula itasiya, chimanga chitauma, amayi anandituma ku Entre Lagos kukagula mchere. Linali tsiku la msika. Fumbi, njinga, anthu a mbali zonse ziwiri za malire, fungo la matemba ndi mafuta okazingira. Ndinkayenda mmene ndimayendera mpaka lero, maso uku ndi uku, mfundo ya nsalu yomangamo ndalama ili m'dzanja. Ndikudutsa mzere wa nsomba, ndinamva dzina lija kumbuyo kwanga. Silinaitanidwe ngati pa shamada. Linaitanidwa motsitsa, mofupikitsa, mmene amaitanira mwana amene ali pafupi, kuti abwere adzadye.

Ndinacheuka. Sindinaganize n'komwe, khosi linatembenuka lokha, chifukwa pofika nthawi imeneyo dzinalo linali litandilowa.

Anali iwo, atakhala pansi kuseri kwa mulu wa matemba, mpango woyera womwe uja. Tinayang'anana. Ndinadikira kuti akuwe, aitane anthu, anene za chibuma ndi za nyimbo. Milomo yawo inagwedezeka pang'ono.

"Eya," anatero.

Basi. Anaweramira matemba awo n'kuyamba kuwasanja timilu, ngakhale anali osanjidwa kale.

Ndinathamanga osagula mchere. Njira yonse ndinkacheuka kuona ngati wapolisi akunditsatira. Kunyumba ndinawauza amayi kuti mkazi uja wanditchera msampha ndipo ndakodwa, wandiyesa pagulu ndipo ndavomera, tsopano ali ndi mboni. Ndinadikira masiku, ndinadikira masabata, ndikudzidzimuka ndi njinga iliyonse yoima pakhomo. Ndinasanthula mawu amodzi aja mbali zonse, kufunafuna pomwe pabisala mbedza. Ndinkadziwa kale kuti munthu akakuitana pali chomwe akufuna kukutenga, ndipo ndinkadziona wochenjera podziwa zimenezo. Sizinandifikire m'mutu kuti munthu angayende ola lathunthu ndi beseni pamutu, n'kuima pamvula nsomba zikufewa, kuti angomva dzina likuitanidwa ndipo mawu a mwana akuyankha kuti alipo.

Panthawiyo n'kuti ndisanaikepo mwana m'manda.